Gologolo ndi Kaundula wa Ming'oma

Padangokhala, m'masiku amene nyama zinkalembana ntchito ndi kuchotsana ntchito monga tichitira ifemu, panali Chiuli amene ankachita malonda a uchi. Anali ndi ming'oma yoposa zana m'nkhalango, antchito makumi awiri, kapitawo wake Njiri, mesenjala wake Khwangwala, ndi mlembi wake Gologolo. Uchi wake unkadziwika kutali, ndipo ukali wake unkadziwika kutali kuposa uchiwo.

Chuma chenicheni cha Chiuli chinali kaundula, mulu wa makungwa olembedwa ndi minga. M'menemo munali mtengo uliwonse wokhala ndi mng'oma, njira yokafikako, tsiku limene anafulako komaliza, njuchi zolusa ndi zofatsa, ndiponso ogula amene amakonda uchi wakuda ndi amene amafuna woyera. Panalibe mutu umene ukanasunga zonsezo, ngakhale wa mwini wake. Kaundulayo anali mmodzi yekha, ndipo ankakhala m'mphako ya mkuyu umene unali ofesi yawo.

Tsiku lina m'mawa Gologolo akusesa, anaona kamzere ka dothi lofiira katakwera khoma la mphako kuchokera pansi. Anakakanda ndi chala, ndipo munatuluka chiswe. Anathamangira kwa bwana wake.

"Bwana, chiswe chalowa mu ofesi. Mundilole ndikopere kaundulayu pa makungwa ena, tikasunge kwina."

Chiuli anakana. Anati anyani akhala akufunafuna ming'oma yake zaka zambiri, ndipo kaundula wachiwiri ndiye adzawatsegulire njira. Anati aliyense amene adzakopere ngakhale mzere umodzi adzamuthyola msana. Gologolo anafunsa kuti nanga chiswe chikadya kaundulayo zidzatha bwanji.

"Mlembi ndiwe," anatero Chiuli. "Akatayika kaundula, ndidzathyola msana wa mlembi."

Kuyambira tsiku limenelo Gologolo anasowa mtendere. Akakopera, msana, akapanda kukopera, msana womwewo. Ankakhala pampando, n'kudzuka, n'kusuzumira pansi pa makungwa, n'kukhalanso. Chakudya ankadyera chiimire. Ndipo pakamwa pake panabadwa kanyimbo kamene ankaimba akamasesa. Kanali koitana abale ake mmodzimmodzi, azakhali, amalume, asuweni ndi apongozi, kufunsa aliyense kuti amakhala mu mtengo uti, kuti tsiku loipa likafika akabisaleko. Antchito anakakonda, ndipo iye akatchula m'bale, iwo ankavomera potchula mtengo uliwonse umene wawabwerera m'mutu.

Pomaliza anasankha msana umene ungathyoke mochedwerapo. Masana aliwonse Chiuli akapita kukayendera ming'oma, Gologolo ankakopera mothamanga, khutu lili kukhomo. Patatha masiku asanu ndi atatu anamaliza. Anamanga makungwawo ndi luzi, nakwera nawo pamwamba penipeni pa mkuyu womwewo, akuimba kanyimbo kake chapansipansi, n'kuwalowetsa m'kabowo ka panthambi.

Anapuma masiku atatu okha. Tsiku lachinayi mtima unamuuza kuti akaoneko. Anapeza luzi litaduka, makungwa ali mabowo okhaokha, ndipo pamwamba pake pataima sajeni wa chiswe akulamula asilikali ake.

"Mwatikomera mtima, alembi," anatero sajeniyo. "Ife tinkati m'mtengo muno chakudya chili pansi pokha."

Gologolo anamufunsa kuti afika bwanji pamwamba chonchi. Sajeni anaseka, nati iwo akalowa mu mtengo amadya mtengo wonse, sasiyanitsa tsinde ndi nthambi. Chimene chawachedwetsa mu ofesi ndi tsache la mlembi basi. Gologolo anatsika. Anali ataphunzira kuti zinthu ziwiri zosungidwa mu mtengo umodzi zimafa tsiku limodzi.

Anayambanso kukopera. Ulendo uno anawoloka mtsinje, mtolo uli pamutu, kanyimbo kali pakamwa, mpaka kwa mlamu wake Changa. Anamupempha kuti amusungire pamalo ouma, ndipo asamasule. Changa analumbira kuti sadzakhudza n'komwe, namufunsa kuti kodi akumuyesa mwana.

Gologolo asanafike n'kumtsinje komwe, Changa anali atamasula kale. Anawerenga khungwa loyamba, malovu n'kudzaza m'kamwa. M'mawa mwake anakafula mng'oma umodzi, nadya mpaka mimba kuwawa. Atakhuta anayamba kudzitama kwa anyani, ndipo anyani anamugwira mchira kuti awawerengere njira zina, poti iwo kuwerenga sankadziwa. Sabata isanathe ming'oma inayi inapezeka pansi, yoswekasweka, njuchi zitathawa.

Chiuli anasonkhanitsa antchito onse. Anati odziwa njira za ming'oma ndi atatu: iye mwini, mlembi amene sachoka pa ofesi, ndi kapitawo amene amayenda m'nkhalango tsiku lililonse. Njiri anagwada, nakumbutsa bwana wake kuti wamugwirira ntchito zaka khumi osanyambita ngakhale chala. Chiuli sanamve. Anamuluma khutu, namuthamangitsa pamaso pa onse. Gologolo anali pomwepo. Anafuna kulankhula, koma ataona magazi pa khutu la Njiri mawu anabwerera kummero.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, anawolokanso mtsinje. Anadziwa kuti akapempha mwaulemu Changa akana kuti sakudziwa kanthu, choncho anafika akupuma wefuwefu.

"Alamu, thawani. Bwana akubwera kuno, akununkhiza nyumba ndi nyumba. Makungwa onse a ku ofesi anawapaka phula lake, ndipo fungo lake amalimva ali kutsidya."

Changa anatulutsa mtolo uja pansi pa mphasa, naukankhira kwa Gologolo ngati khala la moto, n'kulumphira m'mitengo osatsanzika. Gologolo anatafuna makungwawo mpaka kusanduka utuchi, nautaya m'madzi. Anabwerera wopanda kanthu, ndipo tsopano zomusowetsa tulo zinali zitatu: chiswe, mano a Chiuli, ndi khutu la Njiri.

Amene anamupatsa nzeru, mosadziwa, anali Khwangwala mesenjala, amene pakamwa pake sipankatsekeka. Pocheza anatchula za Mayi Muimba, mbalame yaikulu yodya nyama, amene ankasungira anthu katundu m'mapanga a pansonga ya phiri, pamwamba pa mitambo. Anati kumeneko chiswe sichifika, moto sufika chifukwa kulibe udzu, madzi osefukira safika, ndipo miimba uchi sidya. Mayiwo ankangofuna phula lomatira ming'alu ya mapanga awo.

Gologolo anatchera khutu. Malo ake anali amenewo. Koma phula linali la bwana, mesenjala anali wa bwana, ndipo mesenjalayo ankatha kuwerenga ndiponso kulankhula. Masiku awiri anazungulira mkuyu, kukwera, kutsika, kukanda m'mutu. Tsiku lachitatu analowa kwa Chiuli nkhope ili yodekha.

Anamuuza kuti anyani alawa uchi, ndiye sasiya. Posachedwa abwera kudzaba kaundula weniweniyo. Anati bwanji awapusitse. Alembe kaundula wabodza, wodzaza ndi zopanda pake, n'kumutumiza kuphiri masana, aliyense akuona, kuti anyani aganize kuti kaundula anasamuka. Akatero adzathera mphamvu zawo pokwera miyala, ofesi n'kuisiya.

Chiuli anaganiza, ndevu zikugwedera. Kupusitsa anyani kunamusangalatsa. Koma anati ayambe waona yekha zimene zalembedwazo.

Gologolo anagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi, pamaso pa bwana wake, osabisa kanthu. Atamaliza anapereka makungwawo, ndipo Chiuli anawerenga mokweza. Khungwa loyamba linkati azakhali Nachisale tinakawaona mwezi wathawu, ali ndi pakati, ndi aukali kwambiri. Lachiwiri linkati amalume Chimtengo akhala osayenderedwa miyezi itatu, ana achuluka, amagwirizana ndi a Njobvu. Lachitatu linkanena za msuweni wina amene anasamuka nyumba n'kuisiya yopanda anthu. Chiuli anaseka mpaka kugwa pampando.

"Anyani akawerenga za azakhali ako! Tumiza. Loweruka lililonse uzitumiza zina, asaleke kuyang'ana kumwamba."

Chimene sanadziwe n'chakuti m'bale aliyense ankaimira mng'oma. Kuyendera m'bale kunali kufula, pakati panali uchi wotsala pang'ono kukhwima, ukali unali wa njuchi, ndipo wogwirizana naye anali wogula. Chimene sichinalembedwe ndi kumene m'bale aliyense amakhala. Chimenecho Gologolo anachiika m'kanyimbo kaja. Anasiya kuwalola antchito kuvomera mtengo wa m'mutu mwawo. Akaphonya ankawabwezera, nati azakhali ake sakhala m'mbawa ya kuchigwa, amakhala m'mbawa ya pamadooko, ndipo asamawanamizire. Antchito ankaseka, n'kuimba monga wafunira. Anathiramonso abale ena ambiri okhala m'mitengo yopanda njuchi, kuti womva nyimbo yokha asatolepo kanthu. Wakuba makungwa akanapeza miseche ya pabanja, ndipo womva nyimbo akanangovina.

Loweruka loyamba Khwangwala ananyamuka ndi mtolo ndi chibulumwa cha phula, antchito akuimba pansi, Chiuli akukuwa kuti anyani amve. Anyani anamvadi, ndipo anatha milungu iwiri akuterereka pa miyala.

Koma Gologolo sanakhazikike. Chinthu chimene unapereka ndipo sunachionenso, udziwa bwanji kuti chilipo? Loweruka lachitatu anauza Khwangwala kuti pobwera abwere ndi mtolo wa sabata yatha, akufuna akonzemo bodza lina. Khwangwala anabwera ndi mtolo, Gologolo n'kumasula. Munali mafupa amene Fisi anasungitsa kumeneko. Mayi Muimba anali ndi mitolo yambiri yofanana, ndipo anangotola umene unali pafupi.

Likanakhala tsiku la tsoka, Gologolo akanaima pamaso pa Chiuli ndi mafupa. Anabweza mtolowo ndi mawu aulemu koma olimba, ndipo kuyambira pamenepo mtolo uliwonse ankaumanga ndi luzi lofiira, n'kudinda phazi lake pa phula. Mwezi uliwonse ankaitanitsa umodzi n'kuuwerenga mpaka khungwa lomaliza. Khwangwala ankadandaula kuti mapiko atha chifukwa cha mabodza, koma ankapita.

Panapita miyezi itatu. Lolemba lina kunadutsa mlendo, Nsadzu, mbalame yodziwa kumene kuli njuchi. Anauza Chiuli za mitengo isanu ndi iwiri ya kutali imene inali yodzaza ndi uchi umene sunafulidwepo chiyambire. Anafotokoza njira zake zokhotakhota, Gologolo akulemba mu kaundula, ndipo atalandira malesa a uchi ngati malipiro ake anauluka kupitiriza ulendo wake wa kumaiko ena. Chiuli anakondwa kwambiri. Gologolo anapempha kuti atumize mtolo kuphiri tsiku lomwelo, koma Chiuli anati phula silimera ngati udzu, adikire Loweruka.

Lachisanu masana Chiuli analowa mu ofesi kuti akaonenso njira zija. Atanyamula khungwa, pansi pake panagwa chiswe. Kanali koyamba kuchiona ndi maso ake. Anapsa mtima, natenga muuni umene ankafukizira njuchi, nati achionetsa chiswecho kuti mwini mtengo ndani. Gologolo anamugwira mwendo kumupempha kuti ayambe atulutsa makungwa, koma anamukankhira kunja. Mphakoyo inali youma, yodzaza ndi zinyenyeswa za phula. Moto unangoti lawi. Chiuli anatuluka ubweya wa pamsana ukufuka, ndipo dzuwa lisanapendeke kaundula anali phulusa.

Antchito anaima mozungulira. Aliyense ankadziwa kuti popanda kaundula palibe ntchito, ndipo kunyumba kuli ana. Chiuli anayang'ana phulusa, kenako anayang'ana Gologolo, namugwira pakhosi.

"Ndinakuuza kuti akatayika kaundula ndidzatani?"

Gologolo anadziwa kuti akanena kuti anakopera, msana uthyoka chifukwa cha kusamvera. Akakhala chete, uthyoka chifukwa cha phulusa. Anakweza mawu kuti onse amve.

"Bwana, musawayese motalika chonchi antchito anu, ena akomoka. Auzeni za nzeru yanu ija."

Chiuli anafunsa kuti nzeru iti.

"Ija munandilamula, yoti kaundula weniweni tizimutumiza kumitambo Loweruka lililonse atavala zovala za bodza. Munati ndisauze aliyense mpaka tsiku ngati la lero. Kodi si inu munkapereka phula? Si inu munkatuma mesenjala?"

Antchito anayamba kunong'onezana. Wina anati n'zoona, bwana ndi amene ankakuwa mtolo ukamanyamuka. Wina anaomba m'manja, ena n'kutsatira. Chiuli anaona maso makumi anayi akumuyang'ana ndi ulemu umene sanaulandirepo. Kuti akane, anayenera kuvomera pamaso pa onse kuti wawotcha chuma chake ndi dzanja lake, ndiponso kuti mlembi wakhala akumupusitsa miyezi itatu. Dzanja lake linamasuka pang'onopang'ono.

"Khwangwala," anatero ndi mawu okakamira, "pita ukatenge mtolo wanga."

Kudikira kwake kunali kowawa. Gologolo anakwera chitsa, natsika, nakweranso. Mtambo unali utaphimba phiri, ndipo sankaona kanthu. Anayamba kuganiza za mphepo, za mafupa a Fisi, za anyani. Chiuli anakhala pambali pake osamuchotsa diso. Kenako kadontho kakuda kanatuluka mu mtambo, ndipo pansi pake pankalendewera luzi lofiira.

Anayala makungwa pabwalo. Gologolo anayambitsa nyimbo, kuitana azakhali Nachisale, ndipo antchito anavomera mbawa ya pamadooko. Iye anawerenga khungwa, nalemba pa latsopano: mbawa ya pamadooko, anafula mwezi watha, uchi ukukhwima, njuchi zolusa. Apo m'pamene antchito anazindikira chimene akhala akuimba miyezi yonseyi, ndipo anaimba mwamphamvu kuposa kale. M'bale ndi m'bale, mtengo ndi mtengo, kaundula anadzuka. Anamaliza tsiku lachitatu, mawu atasasa.

Onse atabalalika, Chiuli anaitana Gologolo pambali. Anamuuza kuti asamuyese chitsiru, wadziwa zonse zimene wachita. Gologolo anayankha kuti poti adziwa, adziwiretu ndi zotsala: amene anaulula ming'oma inayi ija si Njiri, anali iye, pamene anakasungitsa makungwa kwa mlamu wake. Chiuli anaika mano pamtunda. Koma anali atadzitama kale kwa ogula onse za nzeru yake ya kumitambo, ndipo woyambitsa nyimbo anali mmodzi yekha. Anangomulamula kuti apite yekha akamutenge kapitawo.

Gologolo anapeza Njiri akukumba mizu kuseri kwa nyumba yake, nthiti zikuwerengeka. Anamuuza zonse, osabisa za tsiku lija anakhala chete. Njiri anamvetsera osasiya kukumba.

"Makungwa munawasunga bwino, alembi," anatero pomaliza. "Ine munandisunga kuti?"

Njiri anabwerera ku ntchito chifukwa cha ana ake, ndipo Chiuli anamupatsa mitsuko iwiri ya uchi m'malo mwa kupepesa. Koma panapita chaka chathunthu Njiri asanamuyankhe Gologolo moni, ndipo nyimbo ikayamba iye ankapita kukanola nkhwangwa.

Chimene sichinabwerere ndi mitengo isanu ndi iwiri ya Nsadzu. Inalembedwa Lolemba, moto unabwera Lachisanu, Loweruka linali lisanafike, ndipo m'kanyimbo inali isanalowe. Gologolo anayesa kukumbukira njira zake, koma zinali zitasokonekera m'mutu. Anatuma mithenga kufunafuna Nsadzu, osamupeza. Chiuli analamula kuti mtolo uzipita kuphiri tsiku lililonse, nalemba akhwangwala ena awiri, koma zimenezo sizinabweze uchi umene sanaulawe. Unkamuwawa kuposa ubweya umene unapsa. Ankati akamva kafungo ka maluwa amasiya chimene akuchita n'kulowa m'tchire, mwina lero aipeza.

Sanaipeze. Mukadzakumana ndi chiuli dzuwa lili pamutu, akuthamanga mtengo ndi mtengo, kununkhiza, kukanda, kung'ung'udza yekha, mupatukireni. Akufuna mitengo isanu ndi iwiri ija, ndipo njuchi zake zikudya uchi wawo mwamtendere mpaka lero.

Yanga yathera pamenepa. Amene ali ndi ina aitulutse.